Makina obwezera zitini: chilengedwe chikupindulapodi kapena angotiwonjezera mzere?

Safunsa_Dublin15
Akuluakulu, safunsa anadya phula. Nkhani ndi ya makina awa a Re-turn amene ali pakhomo pa masupamaketi kuno ku Ireland. Chitini chilichonse cha chakumwa akudula masenti 15 apamwamba, ati ukachibweza akubwezera. Komatu zitini zomwezi kale zinkalowa mu bini yobiriwira ya zinthu zokakonzedwanso, galimoto n'kudzanyamula, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero munthu asunge thumba lonunkha mowa m'nyumba, akaime pamzere, makinawo amulavulirenso chitini ati chabonyoka. Chilengedwe chikupezapo chiyani chimene sichinkapeza kale? Nanga bwanji makina amakana chitini chophwanyika pomwe iwo akachimeza amachiphwanya okha?

Kabaza_Wopuma
Funso lachiwirilo ndiye lenileni. Iwo aphwanye, ife tisaphwanye?

Sipanala10
Ndiyambe ndi lachiwirilo poti ndi losavuta. Makinawo safuna kudziwa ngati chinthucho ndi aluminiyamu basi. Akufuna kudziwa ngati chitini chimenecho chinalipiridwa dipoziti, chifukwa ndalama imene akupatseni ndi yomwe munasiya pa thilu. Ndiye chikalowa pabowo paja chimayesedwa kangapo m'kanthawi kochepa. Makamera amawerenga barcode, timizere takuda tija. Makina akale amachigubuduza pa timawilo mpaka timizereto tiwonekere, atsopano ali ndi makamera mozungulira bowo lonse. Nambala ija amaifunafuna pa mndandanda wa zakumwa zolembetsedwa. Kenako amafananiza msinkhu ndi kunenepa kwa chitinicho ndi zomwe zili pa mndandandapo. Pali sikelo yoona ngati mulibe chakumwa chotsalira, palinso kachipangizo kozindikira ngati ndi chitsulo kapena pulasitiki.

Chitini chopondedwa chimalephera pawiri: timizere tapindika, mawonekedwe asintha. Makina sangadziwe ngati ndi chitini chenicheni kapena munthu wangomata barcode pa kanthu kena.

Kuphwanya kwa mkatimo ndi ngati kondakitala kung'amba tikiti. Chitini chalipiridwa, chisadzabwerenso kachiwiri. Komanso zophwanyika zimalowa zambiri m'bokosi limodzi, lole siyenda itanyamula mpweya.

NaPhiri_Cork
Kuwonjezera pa a Sipanala, malamulo a kuno ndi awa, chifukwa ambiri akuvutika ndi zinthu zosavuta. Dongosololi linayamba pa 1 February 2024. Kuyambira 150ml mpaka 500ml dipoziti ndi masenti 15, zopitirira 500ml mpaka malita 3 ndi masenti 25. Zolowa ndi zitini za zakumwa ndi mabotolo apulasitiki. Galasi ayi, za mkaka ayi, chitini cha nyemba kapena cha nsomba ayi. Mutha kubweza pa sitolo ina osati pomwe munagula, koma kapepala kotuluka m'makina mukasinthe pa sitolo yomweyo imene pali makinawo. Mukafuna ndalama m'manja ayenera kukupatsani, sakukakamizani kugula kanthu.

Zakumwa zopikula kumpoto ku Northern Ireland, ku Newry kapena ku Belfast, nthawi zambiri zimakanidwa. Kumeneko simunasiye dipoziti, ndiye palibe chobweza.

Kabaza_Wopuma
Ndiye amene amakapikula zakumwa za phwando kumpoto aja amva okha.

Ng'anjo_Yamoto
Achimwene a Safunsa, funso lanu loyamba yankho lake lili pa magetsi, osati pa zinyalala. Aluminiyamu sapezeka ali chitsulo m'nthaka. Amakumba dothi lofiira lotchedwa bauxite, matani 4 kapena 5. Amaliphika mu soda wamphamvu n'kupeza ufa woyera, alumina, pafupifupi matani 2. Ufawo amaudutsitsa magetsi m'miphika ikuluikulu yotentha madigiri opitirira 900, n'kutuluka tani imodzi ya chitsulo. Gawo lomalizali lokha limadya mayunitsi pafupifupi 14 pa kilogalamu iliyonse, mayunitsi omwewa timagula a pa mita.

Tiwerengere limodzi. Chitini cha 330ml chimalemera magalamu pafupifupi 13, ndiye kilogalamu imodzi ndi zitini 75 kapena 80. Chitini chimodzi ndi pafupifupi 0.18 ya yunitsi. Babu la mawati 10 lingayake maola 18 ndi magetsi amenewo. Zitini zisanu ndi chimodzi, yunitsi yathunthu.

Chitini chakale chinadutsa kale m'zonsezi. Chimangofuna kusungunulidwa pa madigiri 660, ndipo ntchito yonseyo imatenga pafupifupi 5 pa 100 ya mphamvu yopangira chatsopano. Aluminiyamu satopa ndi kusungunulidwa ngati momwe pepala limafookera likamakonzedwanso. Ndiye chitini chokwiriridwa ku mtaya sichinyalala chabe, ndi magetsi okwiriridwa.

Amene akuona ngati nkhambakamwa akumbukire Mozal, fakitale ya aluminiyamu ya kufupi ndi Maputo imene inayamba mu 2000. Ikamagwira ntchito mokwanira imafuna mamegawati pafupifupi 950. Fakitale imodzi, kuposa magetsi onse amene Malawi amapanga.

Safunsa_Dublin15
Za magetsizo zamveka, akulu. Koma simunandiyankhe. Bini yobiriwira ija inkapititsanso chitini kong'anjo. Makinawa awonjezera chiyani?

Ng'anjo_Yamoto
Mwandigwira, ndinathamangira kutsogolo. Awonjezera ziwiri.

Choyamba, chitini chomwera m'nyumba sichinali vuto kwenikweni. Vuto ndi chomwera pa basi, kumpira, kupaki, pantchito ya zomangamanga. Chimenecho chimalowa mu bini ya mumsewu yosakaniza zonse, kapena m'ngalande. Chikakhala ndi mtengo, mwini wake amachisunga, ndipo akachitaya wina amachitola. Ku Lithuania anayamba dipoziti ya masenti 10 mu 2016. Mabotolo apulasitiki obwerera anali pafupifupi 34 pa 100, patatha zaka ziwiri anapitirira 90. Ku Germany ndi pafupifupi 98 pa 100.

Chachiwiri ndi ukhondo wa katunduyo, ndipo apa ndi pamene ambiri sadziwa. Chitini si aluminiyamu weniweni yekha. Thupi lake lili ndi manganese ndi magnesium pafupifupi 1 pa 100 chilichonse, chivindikiro chili ndi magnesium wopitirira 4 pa 100 kuti chilimbe. Zitini zikabwera zokhazokha, fakitale imadziwa chomwe ikusungunula ndipo imapanganso malata a zitini. Zikasakanikirana ndi zidutswa za injini, mawaya ndi mafelemu a mawindo, mumalowa silicon, ayironi ndi mkuwa, ndipo zimenezi kuzichotsa m'chitsulo chosungunuka n'kovuta kwambiri. Chitsulocho chimakathera kopanga zida za galimoto. Sichitayika, koma sichidzakhalanso chitini, ndiye wopanga zitini akagulanso chatsopano.

Za mu bini yobiriwira zimasankhidwa ndi makina ku malo osankhira, inde, koma zina zimapita ndi mapepala, zina zimafika zitapakika zakudya ndi magalasi osweka.

Mphunzitsi_Wakale
Tafotokozani bwino za kufakitaleko. Penti uja amapita kuti?

Ng'anjo_Yamoto
Mabelo a zitini akafika amawaduladula kukhala tizidutswa. Maginito amakoka za chitsulo wamba. Tizidutswato amatipemerera mpweya wotentha madigiri pafupifupi 500 kuti penti wakunja ndi kapulasitiki kopyapyala kamkati zipse, chitsulo chisanasungunuke. Kenako amatimiza msanga pansi pa chitsulo chosungunuka kale. Kumizako n'kofunika: chitini n'chopyapyala, chikakhala pamwamba pokumana ndi mpweya chimapsa n'kusanduka chiphulusa chotuwa. Akatero amayeza, amawonjezera zosowa, n'kuthira m'zikombole. Ku Warrington ku England, fakitale ya Novelis imatulutsa zigulugulu za matani 27, chimodzi muli zitini pafupifupi 1.5 miliyoni. Kuchoka m'makina mpaka kubwerera pa shelefu chili ndi chakumwa, masiku 60 amakwana.

Kapini kotsegulira kaja musakathothole. Kakakhala pakokha kamagwa m'masefa n'kutayika, kali pachitini kamafika.

Chiperoni_Mulanje
Dothi mukunenalo lilipo pamwamba pa phiri la Mulanje, kudera la Lichenya. Linadziwika kale nthawi ya atsamunda ndipo nkhani yokumba imangobwerabwera. Koma pamenepo ndi pochokera mitsinje yomwe anthu ndi minda ya tiyi amadalira, ndi kwawonso kwa mkungudza wa Mulanje. Amene amati kubweza zitini ndi nkhani ya azungu aganizire pamenepo.

Ng'anjo_Yamoto
Ndipo kukumba n'chiyambi chabe. Kuphika bauxite kumasiya matope ofiira a soda, oposa tani imodzi pa tani iliyonse ya alumina, osungidwa m'madamu. Mu October 2010 damu lotere linaphulika ku Ajka ku Hungary, matope analowa m'midzi, anthu 10 anafa, ambiri anapsa khungu.

Wa_Trolley_Joni
Zonsezo n'zoona koma mukupatsa ulemu makina pomwe ulemu ndi wa mtengo. Brazil ilibe dipoziti ya dziko lonse, koma zitini zobwerera kumeneko zimapitirira 95 pa 100 chaka ndi chaka. Amatola ndi anthu osauka, amagulitsa pa sikelo. Kuno ku Johannesburg n'chimodzimodzi. Anyamata okoka matrole okhala ndi zimatumba zikuluzikulu amafika pa mabini mbandakucha galimoto ya khonsolo isanadutse. Bungwe lotolera zitini la Collect-a-Can lilipo kuyambira 1993, ndipo zitini zitasintha kuchoka ku chitsulo wamba kupita ku aluminiyamu cha m'ma 2013, mtengo wa kilogalamu unakoma. Chitini sichigona pamsewu.

Tsono bweretsani makina anuwo. Wotola amaponda chitini kuti zilowe zambiri m'thumba, makina akuti chopondedwa ayi. Makina ali mkati mwa mall, mlonda samulola munthu wa trole kulowa. Mwateteza chilengedwe kapena mwalanda munthu nsima?

Kabaza_Wopuma
Apa a Joni mwalasa.

NaPhiri_Cork
Mwalasa koma mbali imodzi, achimwene. Ziwerengero za Brazil zikuyenda pamsana pa umphawi. Munthu akuika dzanja mu bini ya magalasi osweka kuti apeze chinthu cha senti imodzi kapena awiri. Mtengo wa chitsulo cha chitini chimodzi ndi umenewotu. Dipoziti ya masenti 15 ndi pafupifupi kakhumi. Wotola yemweyo atapatsidwa dipoziti m'malo mwa mtengo wa sikelo, angapeze zambiri ndi zitini zochepa. Komanso sikelo imangokoka aluminiyamu, botolo lapulasitiki lopepuka lija ndi limene limatsala n'kutseka ngalande.

Wa_Trolley_Joni
Atapatsidwa, achemwali. Mawu ake ndi amenewo. Koma chitini chikakhala masenti 15 mwini nyumba sachitayanso, ndiye wotola apeza chiyani mu bini? Njira yake ndi yoti malo ogulira sikirapu omwe alipo kale akhale ndiwo obwezera dipoziti, aziwerenga pamanja kapena pa sikelo, ndipo zopondedwa azilandira.

Sipanala10
Pa sikelo pali pobowoka. Popanda barcode simudziwa ngati chitinicho chinalipira dipoziti. Dziko loyandikana nalo likakhala lopanda dipoziti, malole adzabwera ndi zitini za kumeneko kudzatapa thumba lanu. Ku America zimachitika: Michigan amabweza masenti 10, Ohio ndi Indiana alibe dipoziti, ndipo anthu amamangidwa chifukwa chowolotsa zitini. N'chifukwa chake ku Germany chizindikiro cha dipoziti amachidinda ndi inki yapadera imene makina amaizindikira, yoti simungaikope pa fotokope.

Pfand_Hamburg
Ndipo ngakhale ndi inkiyo akathyali sagona. Mu 2016 khothi la ku Köln linagamula mlandu wa wogulitsa zakumwa amene anasokoneza makina ake kuti botolo limodzi lizilowa n'kutuluka losaphwanyika. Botolo limodzilo linamupezetsa ma euro opitirira 44,000.

Kuno dipoziti ya zitini ndi masenti 25 kuyambira 2003. Pa nkhani ya a Joni, otola alipo ambiri, makamaka okalamba a penshoni yochepa ndi osowa pokhala. Pali chizolowezi choti chitini kapena botolo suliponya mkati mwa bini ya mumsewu, umaliimika pambali kuti wotola asapise dzanja m'zonyansa. Mizinda ina anamangirira timphete pa mabini toikamo mabotolo. Ku Netherlands, kumene zitini zinalowa mu dipoziti mu April 2023, ku Amsterdam kunabuka dandaulo loti anthu akutsegula mabini n'kumwaza zinyalala pofuna zitini. Walira mvula walira matope.

Koma chinthu chimodzi chimene ochemerera makinawa sanena: lamulo la 2003 linabwera kuti liteteze mabotolo otsukidwa n'kuthiridwanso. Boma linkafuna kuti akhale 72 pa 100 ya zakumwa. Lero ndi ochepera theka. Masitolo otchipa anaona kuti makina ophwanya ndi osavuta kusiyana ndi kusunga makireti, ndipo ogula anayamba kuganiza kuti chilichonse cha dipoziti ndi chabwino ku chilengedwe. Botolo lagalasi lothiridwanso limazungulira mpaka maulendo 50 popanda ng'anjo. Chitini ulendo uliwonse chimafuna moto.

Gogo_wa_Chemusa
Ndiye mwazungulira dziko lonse n'kudzafika pa zomwe timachita pa okala. Ukafuna Fanta kapena Green, bwera ndi botolo, ulibe siya dipoziti. Makina athu ndi mwana wotumidwa.

Mphunzitsi_Wakale
Agogo mwaiwala kuti makina amenewo amadya chenji.

Ndirande_Original
Kumudzi chitini sichifika n'komwe ku mtaya. Ogula zitsulo zakutha amazungulira ndi sikelo, zina zimathera kwa opanga mapoto. Mapoto okhuthala a pamsika aja, ophikira nsima ya pamaliro, ndi aluminiyamu wosungunula. Amakumba kang'anjo, makala, chopemerera, chikombole cha mchenga wonyowa pang'ono, basi.

Ng'anjo_Yamoto
Akulu a ku Ndirande, luso limenelo ndi lenileni, koma zitini si chakudya chabwino cha ng'anjo yotero. Pamoto wa makala wopanda chomiza, gawo lalikulu limapsa kukhala chiphulusa chija. Chitsulo cha zitini sichiyendanso bwino m'chikombole poti mulibe silicon, n'chifukwa chake amisiri amakonda mapisitoni ndi zidutswa za injini. Ndiye ngozi zitatu. Utsi wa penti ndi kapulasitiki kamkati umapita m'mapapo a wosungunula. Chitini chokhala ndi kadontho ka madzi chikamizidwa m'chitsulo chosungunuka, madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza chitsulo chamoto kumaso, ndiye chilichonse chiyambe chaumitsidwa pambali pa moto. Yachitatu ndi mtovu. M'zitini mulibe, koma umalowa ndi zidutswa zowotcherera ndi sikirapu wina wosakaniza, ndipo umatuluka m'poto pophika zowawasa monga matimati kapena chidede. Mtovu umawononga ubongo wa ana.

Ndirande_Original
Ndiye tiziphikira chiyani? Poto wa m'sitolo mukatakasa nsima ya anthu 30 amapindika tsiku lomwelo.

Gogo_wa_Chemusa
Nkhali yadothi inalakwa chiyani?

Kabaza_Wopuma
Ikasweka pamaliro mudzayankha ndinu, agogo.

Admin_Wachiwiri
Abale, za mapoto tsegulani mutu wake. Tibwerere ku zitini.

Kawerengera_Leeds
Tibwerere ndi funso limene a Safunsa analisiya m'khosi: ndalama ya chitini chosabwezedwa amadya ndani? Si sitolo. Wopanga chakumwa amapereka dipoziti ku bungwe loyendetsa dongosolo, sitolo imamubwezera wopangayo pogula katundu, inu mumaibwezera sitolo pa thilu. Mukabweza chitini sitolo imakupatsani yanu, bungwe n'kuibwezera sitoloyo, kuphatikizapo kandalama ka ntchito, masenti awiri ndi pang'ono pa chitini ku Ireland, kolipirira makina, magetsi, malo ndi woyeretsa. Yosabwezedwa imatsala ku bungwe. Bungwelo limayendera zitatu: ndalama yotsalayo, kugulitsa aluminiyamu ndi pulasitiki, ndi chindapusa cha opanga zakumwa.

Pamenepa pali kamsampha. Anthu akamalephera kubweza, bungwe limalemera. Ndiye pafunika chikwapu china. Ku Norway anachipeza: boma limadula msonkho wa zachilengedwe pa chitini chilichonse, msonkhowo umatsika zobwerera zikamachuluka, ndipo zikafika 95 pa 100 umatheratu. Makampani a zakumwa, kudzera ku bungwe lawo la Infinitum, ndi amene amathamangitsa anthu kuti abweze. Kumeneko dipoziti ndi makrone 2 ndi 3, ndipo makina ambiri ali ndi batani loti ndalamayo ilowe m'mpikisano wothandiza Red Cross. Makina oyamba a Tomra, kampani yopanga makina obwezerawa, anapangidwanso konko mu 1972.

Kuno ku England tikudikira kuti dipoziti iyambe mu October 2027. Scotland inafuna kutsogola, zinakanika mu 2023 atakangana ndi boma la London pa nkhani ya galasi.

Dipoziti imadyekanso ndi kukwera kwa mitengo. Oregon ya ku America inakhazikitsa lamulo la masenti 5 mu 1971, anthu anafika poiona ngati yosawerengeka, mpaka anaikweza kufika pa 10 mu 2017. Kwathu ndi momwe kwacha imagwera, mtengo wolembedwa m'lamulo ungathe mphamvu chaka chisanathe.

Sipanala10
Onjezani magetsi ndi intaneti. Makinawa amafuna zonse ziwiri kuti mndandanda uzisinthidwa ndi kuti mawerengero azifika ku bungwe. Kuthimathima kwa kwathu kuja angakhale kabati yokongoletsa sitolo. Ndipo zimene zimawagwetsa ngakhale kuno n'zazing'ono: shuga wa zotsalira amamata pa lamba ndi pagalasi la kamera, bokosi limadzaza Loweruka masana wogwira ntchito ali pa thilu, pepala la risiti limatha, kachitsotso ka ndudu kapena kapepala koponyedwa m'chitini kamasokoneza sikelo. Makina osapukutidwa tsiku lililonse amayamba kukana zitini zabwinobwino, ndipo nyengo yotentha amaitana mavu.

Mphunzitsi_Wakale
Nanga woyatsa galimoto kukabweza zitini khumi, wathandiza kapena wawononga?

Ng'anjo_Yamoto
Tiwerengere mwachidule. Lita imodzi ya petulo imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni. Ulendo wa makilomita 10 pa galimoto yaing'ono ndi pafupifupi 0.7 ya lita, ndiye kilogalamu imodzi ndi theka. Chitini chimodzi chimapulumutsa pakati pa magalamu 100 ndi 200, kutengera komwe chitsulo chatsopanocho chikanachokera: cha ku China, kumene amapanga woposa theka la aluminiyamu wa dziko lonse makamaka ndi magetsi a malasha, n'cholemera utsi kuposa cha ku Norway kapena Iceland. Ndiye zitini khumi zangolipira petulo wanuyo. Muzinyamule tsiku lokagula zinthu, ulendo umodzi.

Safunsa_Dublin15
Chabwino, ndagonja theka. Koma za thumba lonunkha palibe wandiyankha. Ndipo chobonyoka pang'ono, masenti 15 apita basi?

NaPhiri_Cork
Khuthulani chonse, tsukuluzani ndi timadzi pang'ono, chivundikireni pasinki chiume. Fungo limachokera ku zotsalira, si chitini. Musungire m'katoni kapena m'kireti, osati m'thumba limene ana azikhalira.

Sipanala10
Chobonyoka pambali chimawongoka: chitsineni pang'onopang'ono m'mbali mwa pobonyokapo mpaka chibwerere, makamaka pomwe pali timizere. Lowetsani chimodzichimodzi, matako patsogolo, osachiponya, ndipo dzanja lituluke msanga chifukwa makina akaona dzanja amaganiza kuti mukufuna kuchikokanso. Chikakanidwa kawiri yesani makina apambali. Chopondedwa ndi nsapato ndiye chapita, chiponyeni mu bini yobiriwira, chikafikabe kong'anjo.

Kabaza_Wopuma
Matako patsogolo. Admin mwaona nokha, si ine ndanena.